Kukaona munda wa tiyi osafika ku Thyolo

Abale anga a kuno ku Harare, ana akamafunsa kumene tiyi amachokera, musadikire ulendo wa kumudzi kuti mukawaonetse ku Thyolo kapena ku Mulanje. Minda ya tiyi ili konkuno, ku Honde Valley ndi ku Chipinge. Yapafupiko ndi ya ku Honde.

Imbani kaye foni ku esiteti, chifukwa amenewa ndi malo antchito, salowa mwachisawawa. Kenako nyamukani lero, mukagone ku Mutare kapena ku Hauna, mawa mulawirire kumunda. Ine ulendo woyamba ndinafika dzuwa litapendeka, othyola ataweruka kale. Ndalama ya basi inangolowa m'madzi.

Pitani nthawi ya dzinja, Disembala mpaka Malichi, masamba akuphukira kwambiri. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi tiyi amakula pang'onopang'ono, zoona zimachepa.

Mukafika muyang'anitsitse manja a othyola. Amangotenga masamba awiri anthete ndi kansonga kake, liwiro lake mpaka maso kulephera kutsatira. Mitengoyo amaidulira kuti ilekeze m'chiuno, pamwamba pali see ngati tebulo. Mukapemphenso kulowa m'fakitale, kumene masamba amafotetsedwa, kudulidwa, kusiyidwa kuti afiire, kenako kuumitsidwa. Makilo 4 kapena 5 a masamba aawisi amatulutsa kilo imodzi yokha ya tiyi wouma.

Musadzole perefyumu tsiku limenelo, amayi, tiyi amakoka fungo msanga. Valani nsapato zotseka, ndipo tengani jekete lamvula. Ku Honde imagwa yosaseweretsa.