Sikirini ikamatulutsa mizere, musathamangire kugula monita ina

Ndili ndi kashopu ku Area 25 komwe ndimapanga makhadi a ukwati ndi a chinkhoswe. Mu Okutobala kompyuta yanga inayamba kundisowetsa mtendere. Ndili mkati mokonza chithunzi, pankangotulukira mizere yobiriwira yopingasa, nthawi zina timabokosi tapinki pankhope ya mkwatibwi, kenako n'kutha pazokha. Vuto lotere limapweteka mutu chifukwa ukainyamula kupita nayo kwa okonza, imakayaka bwinobwino.

Ndiye ligwireni likuchitika. Mizere ikangotuluka, jambulani sikiriniyo ndi foni, kenako dinani Print Screen n'kusunga chithunzicho. Kachitseguleni pa foni kapena pa kompyuta ina. Mizere ikaoneka m'chithunzi cha Print Screen chija, matenda ali m'kati mwa kompyuta: driver (pulogalamu yoyendetsa zooneka pasikirini), RAM (memory ya kompyuta) kapena graphics card (khadi ya m'kati yotumiza zithunzi ku sikirini). Chikakhala choyera pomwe foni yajambula mizere, yambani ndi chingwe ndi monita. Kayezedwe kameneka sikafuna ndi tambala yomwe, ndipo ndimamva chisoni anthu akamataya ndalama asanakayese.

Chingwe cha VGA, cha mutu wabuluu chija, chili ndi mapini 15. Imodzi ikapindika, mtundu wina ukhoza kusowa. Wobiriwira ukasowa sikirini yonse imaoneka yapinki. Mangani tizomangira take tiwiri tija, muchigwedeze pang'ono mukuyang'ana sikirini. Ngati muli ndi chingwe cha HDMI, lumikizani kompyutayo ku TV kwa tsiku lathunthu muone ngati mizere ilondola.

Yesaninso kulowa mu BIOS, menyu imene imabwera Windows isanayambe: poyatsa dinani F2 pa Dell, F10 pa HP. Mizere ikaoneka kumeneko, Windows ndi driver zilibe mlandu. Koma ngati sikirini imada kamphindi n'kubwerera muli mu Windows, dinani pamodzi Windows, Ctrl, Shift ndi B. Kompyuta ilira kamodzi, sikirini iphethira, driver n'kuyambiranso. Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika, fufuzani nambala 4101, yomwe imalembedwa driver ikauma kwa masekondi 2 mpaka Windows kuidzutsa. Mukaipeza, chotsani driver ndi pulogalamu yotchedwa DDU muli mu Safe Mode (Windows yoyatsidwa ndi zofunika zokha), muikemo yatsopano yochokera kwa Intel, AMD kapena NVIDIA. Zikamangochitika mu Chrome mokha, zimitsani hardware acceleration mu Settings ya Chrome.

Kwa ine sizinali zonsezi. Ndinkalemba m'kope nthawi imene mizere yatuluka, ndipo patatha masiku anayi ndinaona kuti m'mawa sinkavuta ayi. Inkayamba cha m'ma 2 koloko masana, malata atatentha. Nditaika GPU-Z, pulogalamu yoonetsa kutentha kwa graphics card, ndinapeza khadiyo ikupitirira madigiri 90. Kutsegula bokosi la kompyuta, fumbi lofiira la msewu wathu linali litaundana ngati bulangete, kafani ka khadi kakungogwedera osazungulira.

Poyeretsa, zulani pulagi kukhoma kaye, mugwire chitsulo cha bokosi musanakhudze china chilichonse. Tsekerezani kafani ndi chala pouzira ndi blower, chifukwa kakazungulira mothamanga kwambiri kamaonongeka. Nsalu yonyowa isayandikire. Zulani khadi ndi RAM, muzibwezeretse mpaka timve "kha". Ngati kompyuta yanu ilibe khadi yapadera, zithunzi zimadalira RAM yomweyo, choncho lembani mdsched pa Start kuti Windows iyeze RAM.

Za magetsi musaziiwale. Onani ngati mizere imabwera magetsi akangobwerera kapena muli pa jenereta. Ma extension otchipa ena alibe waya wa earth, ndipo pa VGA izi zimabweretsa timafunde toyenda pang'onopang'ono pasikirini. Yesani soketi ya kukhoma mwachindunji, kapena UPS (kabokosi ka batire kosunga magetsi) ngati muli nayo.

Chonde musasinthe zinthu zitatu tsiku limodzi, simudzadziwa chomwe chachiza. Sinthani chimodzi, mudikire masiku awiri kapena atatu. Ine ndinayamba ndi kusintha kafani kokha, kenako ndinachotsa kompyuta pansi n'kuiika pathebulo kutali ndi chitseko, ndipo masana otentha khadi ija tsopano imathera m'ma 70.