Mmene ndinazulira galimoto m'matope pa Nyika ndili ndekha

Mwezi wa February, mvula itagwa usiku wonse, ndinanyamuka ndekha pachipata cha Thazima cha paki ya Nyika kulowera ku Chelinda, kampu ya m'kati mwa pakiyo, ulendo wa makilomita pafupifupi 60. Ndisanafike n'pakati pomwe, galimoto inatitimira m'matope mpaka m'mimba. Netiweki kunalibe, munthu osaoneka, nkhungu yokhayokha.

Poyamba ndinaponda mafuta, koma matayala ankangozungulira n'kumakumba dzenje. Ndinazimitsa injini. Ndi fosholo ndinachotsa matope kutsogolo kwa matayala ndi pansi pa difu (chibulunga cha magiya chimene chili kunsi, pakati pa matayala), poti ndi pamene galimoto inakhalira. Jeke pamatope imangomira, choncho ndinaikhazika pathabwa lomwe ndimayenda nalo, n'kumakweza tayala limodzilimodzi ndikuyala miyala ndi nthambi pansi pake. Chonde, galimoto ikakhala pajeke musalowetse mkono kunsi. Kenako ndinaphwetsako matayala kuti agwire bwino, ndinaika low range (magiya amphamvu oyendera pang'onopang'ono a galimoto za 4x4), giya yachiwiri, n'kuchoka pang'onopang'ono. Inatuluka patatha maola atatu, manja atachita matuza. Pofika pouma ndinapopanso matayala ndi pampu yanga.

Chinandilimbitsa mtima n'chakuti ndinali nditauza apachipata ndi mlongo wanga ku Rumphi nthawi yomwe ndimayembekezeka kufika.