Yambani Mwafufuza Bodi ya Galimoto Musanaipopere Mchenga

Amisiri ena okonza galimoto zakale muno mu Lusaka, kaya ku Matero, ku Chawama kapena m'magaraja a m'mbali mwa msewu wa Lumumba, amathamangira kuchotsa penti ndi makina opopera mchenga, aja timati sandblasting, asanadziwe chimene chabisala pansi pa pentiyo. Changu chotere chimawonongetsa malata amene akanatha kupulumuka.

Tsukani galimotoyo, kenaka yendetsani maginito pazitseko, pamadigadi ndi m'munsi mwa bodi. Pamene maginito akukana kugwira, dziwani kuti wina anamatapo filler (phala losalazira bodi) wochindikala pobisa popindika kapena pobowoka, ndipo muzungulize malowo ndi choko. Kumbukirani kuti malata ambiri a Land Rover Defender ndi a aluminiyamu, choncho maginito sagwirapo ngakhale palibe vuto. Chotsaninso makapeti, chifukwa madzi ndi matope a nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, zimakhalitsa pansi pa mipando ndi m'zitseko zimene timabowo take totulutsira madzi tatsekeka. Penti yotupa ngati matuza imasonyeza kuti dzimbiri likudya kuchokera mkati.

Pofika popopera m'pamene ndikukupemphani kusamala kwambiri. Lata la galimoto zambiri silifika milimita imodzi, ndipo mchenga ukaliwomba mwamphamvu pamalo amodzi, chitsulo chimatambasuka n'kuchita mafunde amene ngakhale mmisiri waluso amavutika kuwawongola. Denga, boneti ndi pakati pa zitseko ndizo zimawonongeka msanga. Pamalo amenewa chepetsani mphamvu ya mpweya, poperani chopendeketsa muli chapatali ndipo dzanja lisaime, kapena mungochotsa penti ndi sandipepa. Pa zina zopopera m'malo mwa mchenga, soda wophikira sapinda lata koma sachotsa dzimbiri lozama, pamene galasi loperapera limalichotsa. Mchenga wa kumtsinje ndikukuletsani ndithu, pakuti fumbi lake limayambitsa silicosis, matenda a m'mapapo amene alibe mankhwala ochiza, ndipo kansalu ka pamphuno sikateteza.

Chitsulo chikayera, fufuzaninso. Zimitsani magetsi, wina awalitse tochi kuseri kwa lata, inu muone timabowo tonse timene kuwala kukudutsamo. Pamenepo dulani ndi kuwotcherera chigamba chatsopano, osamatapo filler. Mukatero pakani epoxy primer, penti yoyambira yoteteza chitsulo ku dzimbiri, tsiku lomwelo, makamaka m'dzinja, chifukwa chitsulo chosapakidwa chimayamba kufiira pakangopita maola ochepa, ndipo ngakhale thukuta la m'manja limasiyapo dzimbiri.