Momwe mungakonzekerere intavyu ya ntchito ya unamwino kundende

Anamwino ambiri akaitanidwa ku intavyu ya kundende amakonzekera ngati akupita kuchipatala china chilichonse. Amabwereza milingo ya mankhwala, amasonkhanitsa masatifiketi, amaloweza mawu odzifotokozera. Zonsezo n'zofunika, koma sizikwanira. Anthu amene mukawapeze atakhala kuseri kwa tebulo, kawirikawiri mkulu wa anamwino, wina wa ku ofesi yolemba anthu ntchito ndi wina wa chitetezo, amakhala ndi funso limodzi mumtima ngakhale asalitchule: kodi munthu uyu angathe kuona mkaidi ngati wodwala, kwinaku osaiwala kuti ali mkati mwa mpanda? Ndagwira ntchito imeneyi kwa zaka ndithu, ndipo ndaona anamwino aluso akugwa pa intavyu chifukwa chopendekera mbali imodzi. Ena analankhula zachifundo zokhazokha ngati kulibe maloko, ena analankhula ngati akufunsira usilikali.

Choyamba, dziwani ndende imene yakuitanani

Ndende sizifanana. Kumene amasungako anthu ongomangidwa kumene ndi odikira milandu, anthu amalowa ndi kutuluka tsiku ndi tsiku. Wina wabwera ataledzera, wina wavulala pomangidwa, wina wasiya mankhwala ake kunyumba ndipo sakukumbukira dzina lake. Ntchito ya kumeneko ndi ya changu. Kumene kuli anthu ogamulidwa kale, mumakhala ndi odwala omwewo kwa zaka, choncho nkhani yaikulu ndi shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu, HIV, matenda a maganizo, ukalamba, ngakhale kusamalira munthu amene ali pafupi kumwalira. Ndende ya amayi ndi ya achinyamata zilinso ndi zake.

Fufuzani kuti okulembani ntchito ndani, chifukwa m'mayiko ena anamwino a kundende ali pansi pa unduna wa zaumoyo, kwina ali pansi pa nthambi ya ndende, kwinanso ndi kampani yapadera imene inapatsidwa ntchitoyo. Izi zimakuuzani kuti bwana wanu adzakhala ndani pakabuka kusamvana. Werenganinso chikalata cholengeza ntchitoyo mzere ndi mzere, poti mafunso ambiri amachokera mmenemo.

Chachiwiri, werengani Malamulo a Nelson Mandela

Ngati nthawi yakuchepelani, iyi ndiyo sitepe yosadumpha. M'chaka cha 2015 bungwe la United Nations linavomereza malamulo 122 a kasamalidwe ka akaidi, omwe analowa m'malo mwa a 1955, ndipo anawatcha dzina la Nelson Mandela, yemwe anakhala m'ndende zaka 27. Simukuyenera kuloweza onse. Za umoyo zili pa lamulo 24 mpaka 35, ndipo n'zowerengeka madzulo amodzi.

Lamulo 24 limati mkaidi alandire chithandizo chofanana ndi chimene anthu akunja akulandira, kwaulere, ndipo chithandizo cha matenda monga HIV ndi TB chisadukize. Lamulo 27 limati chigamulo cha zachipatala chimapangidwa ndi ogwira ntchito zachipatala, ndipo wogwira ntchito kundende amene si wachipatala sangachisinthe kapena kuchinyalanyaza. Lamulo 30 limati aliyense wolowa m'ndende aonedwe ndi kupimidwa mwamsanga. Onjezerani lamulo 46, lomwe limaletsa wachipatala kutenga nawo mbali popereka chilango, koma limamulamula kuyendera tsiku lililonse mkaidi amene watsekeredwa payekha. Ngati mukupita kundende ya amayi, onaninso Malamulo a Bangkok a 2010, omwe ndi a United Nations okhudza kasamalidwe ka akaidi aakazi.

Musapite kukalakatula manambalawa ngati ndakatulo. Phindu lake ndi lakuti akakupanikizani ndi funso lovuta, muli ndi poponda.

Chachitatu, konzani yankho la funso lakuti "Bwanji mwasankha kundende?"

Lidzabwera ndithu, mwina loyambirira. Kunena kuti ntchito zikusowa n'zoona kwa ambiri, ndipo palibe manyazi pamenepo, koma musathere pomwepo. Musanenenso kuti mukufuna kukasintha akaidi kapena kukawapulumutsa. Ofunsa amachita mantha ndi yankho lotere, chifukwa namwino wodziona ngati mpulumutsi ndi amene amayamba kupindika malamulo. Nenani zimene zimakukokani pa ntchitoyo: mumakonda kupima wodwala ndi kuganiza panokha, mumafuna kuthandiza anthu amene ambiri a iwo sanaonanepo ndi wachipatala kwa zaka, mukudziwa kuti pafupifupi mkaidi aliyense adzatuluka ndipo TB yosachizidwa m'selo imakathera pakhomo pa munthu. Yankho lalifupi, la mawu anuanu, limaposa lalitali loloweza.

Chachinayi, bwerezani matenda a m'ndende

Apa khalanipo masiku angapo. Kundende namwino nthawi zambiri amakhala yekha, dokotala ali pa foni kapena amabwera masiku owerengeka, ndiye ofunsa amafuna kumva mmene mumaganizira popanda wokutsogolerani.

Yambani ndi kupima munthu wongolowa kumene. Khalani okonzeka kufotokoza mwadongosolo zimene mungafunse ndi kuyang'ana: mabala ndi kuvulala kumutu, mankhwala amene amamwa, mowa ndi mankhwala osokoneza bongo komanso nthawi imene anagwiritsa ntchito komaliza, zizindikiro za matenda opatsirana, pathupi ngati ndi mayi, ndi maganizo ofuna kudzipha. Funso la kudzipha lifunsidwe poyera, osazungulira. Masiku oyambirira m'ndende ndi oopsa kwambiri pa nkhani imeneyi, makamaka kwa womangidwa koyamba, ndipo ngozi imakweranso munthu akangogamulidwa kapena akalandira uthenga woipa wa kunyumba.

Kusiya mowa mwadzidzidzi kumapha, ndipo anamwino ochokera m'mawodi wamba amapeputsa zimenezi. Munthu wozolowera kumwa kwambiri amayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kugunda mtima pakati pa maola 6 ndi 24 kuchokera pamene anamwa komaliza. Akhoza kukomoka ngati wakhunyu, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu akhoza kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zomwe palibe. Amene sadziwa amati wapenga kapena akuchita dala. Dziwaninso zizindikiro za munthu amene wapyola muyeso wa mankhwala a mtundu wa heroin kapena morphine: kupuma pang'onopang'ono, kusadzuka, timwana ta m'maso tating'ono kwambiri. Mankhwala ake ndi naloxone, koma mphamvu yake imatha msanga, choncho wodwalayo samusiya yekha.

TB imakonda malo othinana ndi opanda mpweya wokwanira. Tchulani zizindikiro zinayi zofunsa aliyense: kutsokomola, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda. Fotokozani kuti mungamupatule woganiziridwayo, kutumiza makhololo kukapimidwa, kufufuza ogona naye selo imodzi, ndi kuonetsetsa kuti mankhwala a miyezi 6 akumwedwa pamaso panu. Onjezani zimene mungachite mkaidi akasamutsidwa kapena kumasulidwa mankhwala asanathe, chifukwa apa ndi pamene ambiri amatayika. Chimodzimodzi ndi ma ARV. Mphere, matenda otsekula m'mimba, shuga yotsika kwambiri ndi kupweteka pachifuwa, zibwerezeninso.

Chachisanu, yeserani mafunso a "mungatani"

Mtima wa intavyu uli pano. Pezani mnzanu akufunseni mokweza, inu muziyankha mokwezanso, chifukwa yankho lokoma m'mutu limatha kusokonekera pakamwa.

Lofala kwambiri ndi ili: mkaidi akudandaula kupweteka pachifuwa usiku, msilikali wa ndende akukuuzani kuti, "Ameneyu amanama, dzulo anachitanso zomwezi." Yankho ndi lakuti mumupima. Muyeza kuthamanga kwa magazi, kugunda kwa mtima, kapumidwe ndi mpweya wa m'magazi, mufunsa mbiri yake, mulemba zimene mwapeza, ndipo ngati pakufunika kumutumiza kuchipatala chachikulu munena mosabisa. Inde, alipo akaidi amene amanamizira matenda kuti atuluke m'selo. Koma munthu amene wanama kakhumi akhoza kudwaladi ulendo wotsatira, ndipo mtembo subwezedwa. Poyankha musanyoze msilikaliyo. Iye amakhala ndi akaidi maola ambiri kuposa inu, ndipo mawu ake akuti "sanadye masiku awiri" kapena "wasiya kulankhula" apulumutsapo anthu. Mumamvetsera zimene waona, koma chigamulo cha zachipatala n'chanu.

Lachiwiri limayesa malire anu. Mkaidi waulemu, amene amakuthandizani kusesa kuchipatala, akukupemphani kuti mumuperekere kalata kunja kapena mumubwereke foni kwa mphindi imodzi aimbire mwana wake wodwala. Yankho ndi ayi, monena mwaulemu, kenako mumulozera njira yovomerezeka ndipo mudziwitsa akuluakulu. Ndikudziwa kuti zimamveka zouma mtima. Ndinaonapo mnzanga wina akuyamba ndi kalata imodzi. Patapita miyezi, amene anamuchitira chifundoyo ankamuopseza kuti akamuneneza akapanda kubweretsa zina, ndipo ntchito inamuthera. Anali namwino wabwino kwambiri, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Auzeni ofunsawo kuti simuuza akaidi za banja lanu kapena kumene mumakhala, simulandira mphatso, ndipo chimene mwachitira mmodzi ndi chimene mungachitire onse.

Lachitatu ndi la ngozi. Mwaitanidwa, munthu wagwa m'selo, magazi ali pansi. Mtima wa unamwino umati thamangani mulowe, koma yankho loyenera ndi kudikira asilikali atsimikize kuti malowo ndi otetezeka, inu mukukonza zipangizo ndi kuyang'ana wodwalayo muli pakhomo. Namwino akavulazidwa kapena akagwidwa, odwala amakhala awiri ndipo wothandiza palibe.

Adzafunsanso za chinsinsi. Msilikali akufuna kudziwa ngati mkaidi wina ali ndi HIV. Simuulula. Mumamuuza zokhazo zofunika pa ntchito yake, monga kuti munthuyu agone pabedi lapansi kapena abwere naye kuchipatala m'mawa uliwonse, osatchula matenda. Chinsinsi chimathyoledwa pokhapokha pamene pali ngozi yeniyeni ndi yapafupi kwa wodwalayo kapena anthu ena. Ndipo mukapeza mabala osonyeza kuti munthu wamenyedwa kapena kuzunzidwa, lamulo 34 limati mulembe bwinobwino ndi kukanena kwa oyenera, mosamala kuti wodwalayo asalowe m'mavuto ena. Lembani zimene mwaona ndi zimene iye wanena m'mawu ake, osawonjezera maganizo anu.

Za mankhwala ndi zipangizo, onetsani kuti mukudziwa kuti m'ndende piritsi ndi ndalama ndipo singano ndi chida. Mumatsimikiza kuti wolandira mankhwala ndi mwini wake, mumaonetsetsa kuti wameza osati kubisa m'tsaya, mumawerenga singano, masizasi ndi mankhwala oopsa poyamba ndi pomaliza shifiti. Chikasowa chimodzi mumanena nthawi yomweyo.

Pali funso lina limene amaliponya mwakachetechete: mungamve bwanji kusamalira munthu amene anapha kapena kugwirira mwana? Musanamizire kuti mulibe mtima. Nenani kuti kuweruza kunachitika kukhoti, kuti simufufuza mlandu wa wodwala pokhapokha ngati chitetezo chikufuna, ndipo kuti bala mumalitsuka mofanana. Ngati mumtima mukuona kuti simungathe, ndi bwino kuzindikira panopa musanalowe.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani nkhani zanu zitatu

Simukusowa kukhala mutagwirapo kundende. Sankhani nkhani zitatu zenizeni za kumene mwagwirako: pamene munakhazika mtima pansi wodwala waukali, pamene munatsutsana ndi wamkulu wanu chifukwa cha wodwala, ndi pamene munalakwitsa n'kuvomera. Pa iliyonse nenani mmene zinalili, chimene inuyo munachita, ndi mmene zinathera, osatchula dzina la wodwala. Amene anagwirapo ku wodi ya ngozi, ya matenda a maganizo kapena kuchipatala chaching'ono kumene ankakhala yekha, atsindike zimenezo.

Tsiku la intavyu

Tengani chiphaso chanu, laisensi ya unamwino yosatha ntchito, masatifiketi ndi CV. Adzafufuza mbiri yanu, choncho ngati munakhalapo ndi mlandu, kapena muli ndi wachibale kapena mnzanu m'ndende imeneyo, nenani nokha. Kukhala ndi wachibale m'ndende si tchimo, koma kubisa kumakuchotsetsani ntchito. Ngati intavyu ikuchitikira mkati, fikani msanga kwambiri chifukwa pachipata pamadya nthawi. Yembekezerani kusechedwa ndi kusiya foni. Valani zooneka bwino koma zosathina, nsapato zotseka, zokongoletsa zochepa, ndipo m'chikwama musakhale lumo, mankhwala kapena china chimene simungathe kuchifotokoza. Asilikali a pachipata apatseni ulemu wonse. Mukalembedwa, amenewo ndiwo adzathamange mukakuwa.

Akakupatsani mpata wofunsa, funsani. Namwino mmodzi amasamalira akaidi angati, makamaka usiku? Dokotala amapezeka liti, ndipo akakhala palibe mumaimbira ndani? Zimatenga nthawi yaitali bwanji kutulutsa wodwala mwakayakaya kupita naye kuchipatala chachikulu, ndipo amaloleza ndani? Kodi popima wodwala msilikali amaima pati? Maphunziro a chitetezo amaperekedwa musanayambe, kapena mudzaphunzira muli kale mkati? Nanga namwino akakumana ndi choopsa, monga kupeza munthu atadzipha, amathandizidwa bwanji?

Mvetserani bwino mmene akuyankhira, makamaka funso la usiku ndi la kutulutsa wodwala. Akayankha momveka, lembani. Akayang'anizana n'kusintha nkhani, funsaninso mwaulemu musanasainire kalata iliyonse, chifukwa usiku umenewo pa shifiti mudzakhala inuyo.