Momwe wojambula angagwirire maoda a Disembala osataya zojambula zake

Novembala akamatha, foni ya wojambula siipuma. Mwini baraka ku msika wa Ulónguè akufuna chikwangwani chatsopano. Mayi wina ku Domué akufuna chithunzi cha malemu amuna awo, chipachikidwe pabalaza ana asanafike kuchokera ku Johannesburg. Kwaya ikufuna chojambula cha pamalaya, wina ku Moatize akufuna makhadi a ukwati. Onsewo mawu awo ndi amodzi: "Ndi kakang'ono chabe, achimwene, sikakuchedwetsani." Ndagwira ntchitoyi zaka zingapo kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo zaka zoyamba ndinkavomera chilichonse. Pofika Chaka Chatsopano ndinkakhala wotopa, wangongole kwa anthu atatu, ndipo kope langa lojambulamo za kumtima lili ndi fumbi. Nayi njira yomwe ndimatsata masiku ano.

Choyamba, werengani masiku musanawerenge ndalama

Tengani kalendala. Kuyambira pa 1 mpaka pa 23 Disembala pali masiku 23. Chotsanipo masiku a Lamulungu, osachepera atatu. Chotsaniponso masiku anayi a kumunda, poti mvula ikagwa palibe wa ku Angónia amene amasiya kubzala ndi kupalira chifukwa cha bulashi. Ena awiri muwasiyire maliro, matenda ndi zina zogwa mwadzidzidzi. Mwatsala ndi masiku 14. Ngati chithunzi cha nkhope cha pensulo pa pepala la A3 chimakutengerani masiku awiri, ndiye kuti mungathe zisanu ndi ziwiri basi, popanda chikwangwani ngakhale chimodzi.

Mukadziwa nambala yanu, ikani tsiku lotsekera maoda ndipo lilengezeni pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ine ndimatseka pa 10 Disembala. Wobwera pambuyo pake ndimamuuza mwaulemu kuti ntchito yake ituluka mu Januwale, ndipo ambiri amavomera ndithu.

Chachiwiri, theka la ndalama litsogole

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Musagule pepala kapena penti ndi ndalama zanu podalira lonjezo la munthu amene akudikira kuti m'bale wake wa kunja amutumizire. Theka lilowe kaye pa M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kenako dzina lake lilowe m'kope la maoda. Ubwino wa ndalama ya pafoni ndi woti uthenga wake umakhala mboni, simudzakangana kuti anapereka zingati.

Ovuta kwambiri pa nkhani imeneyi si alendo, ndi abale. Amalume akabwera ndi chithunzi chawo, kunena mtengo kumachititsa manyazi. Ine ndimati, "Amalume, dzanja langa ndikupatsani pa mtengo wachibale, koma pepala ndi felemu n'zogula." Akapereka ya zipangizo, ntchito yawo imalowa pamzere ngati ya wina aliyense. Amene muli kufupi ndi malire a Calómuè kapena Zóbuè, komwe ena amalipira makwacha, gwirizanani tsiku lomwelo kuti ndi mameticais angati, chifukwa mtengo wosinthira sudikira kuti chithunzi chiume.

Chachitatu, mawu alembe yekha mwini wake

Pano ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ndinapsa. Chaka china ndinalemba chikwangwani cha malo okonzera tsitsi, malembo akuluakulu ofiira, ntchito ya tsiku lathunthu. Pa mawu oti Salão ndinaiwala kachizindikiro ka pamwamba pa a. Mwini wake sanaone, koma mwana wake wa sekondale anaona, ndipo anthu odutsa anayamba kuseka. Kukonza kunali kosavuta, koma manyazi ake sanachoke msanga.

Kuno timalemba zinenero ziwiri. Wina afuna Boas Festas, wina afuna "Takulandirani", wina zonse pamodzi. Chipwitikizi chili ndi tizizindikiro take, ã, ç, é, ndipo mayina a anthu athu amalembedwa mosiyana: wina Chipwitikizi chinamulembera dzina mwanjira yake pa chitupa, pamene kunyumba amalilemba Chichewa. Choncho muuzeni kasitomala alembe yekha pa WhatsApp mawu onse, mayina, masiku ndi manambala a foni. Inu kopererani momwemo, mum'tumizire chithunzi cha pensulo, ayankhe kuti "zili bwino" musanathire penti. Mu uthenga womwewo lembani kukula kwa ntchito, tsiku lotenga, ndi kuti kusintha kwaulere ndi kawiri kokha. Popanda malire amenewa mudzasintha mtundu wa duku la mayi wa pachithunzi mpaka tambala wa pa Khirisimasi kulira.

Pa zithunzi za nkhope, makamaka za malemu, pemphani zithunzi ziwiri kapena zitatu, osati kamodzi ka pachitupa. Auzeni atumize ngati document, poti WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi ndipo maso ndi makwinya zimafufutika. Musachotse chipsera kapena kuwongola mphuno osafunsa. Anawo akufuna kuona bambo awo.

Chachinayi, gwirizanani ndi nyengo

Chigawo chathu chili ndi nyengo ziwiri zosiyana. Kumtunda kuno, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, Disembala ndi wa mvula ndi chinyezi. Pepala limapindika, penti wamafuta amatenga masiku kuti aume, ndipo khoma lonyowa likapakidwa limasupuka Pasaka asanafike. Mapepala asungeni m'pulasitiki, pamwamba, osati pansi pa bedi. Pa ntchito yachangu gwiritsani akiriliki, penti wosungunula ndi madzi amene amauma msanga. Za pakhoma muzigwira m'mawa kukacha bwino, ndipo gwirani khomalo ndi dzanja kaye kuti mumve ngati lauma.

Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize vuto ndi lina. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40, ndipo akiriliki amauma pabulashi musanafike naye pansalu. Finyani penti pang'onopang'ono, khalani ndi kabotolo kowazira madzi, ndipo yambani dzuwa lisanakwere.

Zipangizo gulani mu Novembala. Kuchokera ku Ulónguè kukafika ku Tete ndi makilomita oposa 200, ndiye simungakwere chapa (minibasi) chifukwa cha chubu chimodzi cha penti woyera. Woyerayo ndi wakuda gulani wowirikiza, ndi amene amatha msanga.

Chachisanu, musakhulupirire zomwe mukuona pakompyuta

Amene mumajambula pa kompyuta kapena pa tabuleti, makhadi ndi makalendala konzani pa 300 dpi (timadontho 300 pa inchi iliyonse) kuyambira pachiyambi, chifukwa chaching'ono chikakulitsidwa chimasweka. Sikirini imaonetsa mitundu ya kuwala (RGB), pamene makina osindikizira ambiri amagwira ndi mitundu ya inki (CMYK), ndiye buluu ndi wobiriwira wowala uja amatuluka wozilala. Tumizani PDF, ndipo lipirani kuti akusindikizireni khadi limodzi loyesera. Pa malo ena osindikizira ananditulutsira makhadi onse a ukwati nkhope za akwati zili zofiirira ngati mbatata yowotcha, chifukwa ndinali pachangu ndipo sindinapemphe loyesera. Sabata yomaliza mizere kumeneko imatalika, choncho kafikeni pasanafike pa 15.

Magetsi nawo musawadalire kwambiri. Cahora Bassa ili m'chigawo chathu chomwechi, koma mphezi ikang'anima amathima ngati kwina kulikonse. Sungani ntchito yanu pafupipafupi, mita ya magetsi ya Credelec ikhale ndi mayunitsi, ndipo foni igone yodzaza.

Chachisanu ndi chimodzi, mphindi 30 zanu

Izi ndi zomwe ambiri timataya. Maoda amadyetsa, koma ndi maganizo a anthu ena. Mukatha mwezi wathunthu mukukopera nkhope za pafoni ndi kulemba mitengo ya zakumwa, dzanja limazolowera kumvera, limaiwala kuyamba lokha. Ine ndimadzuka m'mamawa, foni isanayatsidwe, n'kujambula mphindi 30 m'kope langa. Sindifuna kuti chikhale chomalizidwa. Tsiku lina ndi ngolo ya ng'ombe yonyamula feteleza, tsiku lina amayi ogulitsa mbatatesi atafunda kapulana kumutu pothawa mvula, tsiku lina milambe ya m'njira ya ku Tete, kapena mlatho wa Samora Machel momwe ndinauonera ndili pawindo la chapa. Disembala ndi mwezi wolemera kwa maso: anthu obwera kutchuthi ndi zikwama zawo, mbuzi zomangidwa panjinga, ana ovala zatsopano m'matope. Ukapita sudzabwera mpaka chaka chamawa.

Palinso chifukwa cha m'thumba. Januwale ndi wouma, ndalama za anthu zimapita ku mayunifolomu, makope ndi chakudya, ndipo maoda amazilala. Nthawi imeneyo ndimabwerera m'kope muja, n'kusankha zitatu kapena zinayi zoti ndizikulitse. Zimenezo ndi zomwe zimandibweretsera makasitomala amene amati "tijambulireni mwa kalembedwe kanu kaja", ndipo amenewo sakangana pa mtengo. Malangatana, wojambula wotchuka wa ku Mozambique amene anamwalira mu 2011, dziko limamukumbuka chifukwa cha nkhope zothithikana zija zomwe zinkachokera m'mutu mwake.

Za kumtimazi musazigulitse motchipa chifukwa cha chisangalalo cha nyengo. Wina akazikonda, musindikizireni kope lake, choyambirira chikhale chanu, chosainidwa ndi kulembedwa tsiku. Chenjezo limodzi kwa okonda kujambula Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia: zovinidwa pabwalo pamaso pa anthu n'zina, za kudambwe n'zina. Funsani akuluakulu a mudzi musanajambule, makamaka ngati mukufuna kuika pa intaneti kapena kugulitsa.

Chomaliza, kupereka ntchito

Ntchito ikatha, ijambuleni ndi foni panja pamthunzi, kuti mukhale ndi chosonyeza ena. Kwa mwini wake tumizani chithunzi chaching'ono chokhala ndi dzina lanu pakati, chenicheni chituluke ndalama yotsala ikalowa. Za pensulo ndi makala zipopereni mankhwala ogwiritsa kuti zisafufutike, muikepo pepala loyera pamwamba. Zopita pa chapa ku Furancungo kapena ku Tete zikulungeni m'pulasitiki, muzipanikize pakati pa makatoni awiri olimba, mulembe dzina mbali zonse, ndipo pemphani kondakitala aziike kutsogolo, osati pansi pa matumba a mbatatesi. Tengani nambala yake ndi ya galimoto, mutumizire wolandira. Magalasi a felemu musatumize pa chapa, akagule komweko.

Pa 24 masana ndimatsuka mabulashi n'kukhoma chitseko. Amene sanabwere kudzatenga ndimawalembera uthenga umodzi wowauza kuti zithunzi zawo zasungidwa bwino, adzazipeza pa 2 Januwale.