Wi-Fi yafika kuchipinda cha ana

Rauta yathu (kachipangizo kofalitsa Wi-Fi m'nyumba) ili pabalaza, ndipo makoma a njerwa ankatchinga Wi-Fi kuti isafike kuchipinda komwe ana amawerengera. Ndinakoka waya wa Ethernet n'kulumikiza rauta yakale yomwe inkangogona m'kabati. Zinthu zinafika poipa: kompyuta yanga imalumikizika kenako n'kuduka, ya mayi a kunyumba osatsegula kalikonse. Zinandiwawa, chifukwa mayeso anali pafupi.

Kodi vuto linali chiyani? Marauta onse awiri anali ndi adiresi imodzi, 192.168.1.1, ndipo onse ankagawira makompyuta ma IP, omwe ndi maadiresi a pa netiweki. Ndinalumikiza laputopu ku rauta yakaleyo payokha, n'kuipatsa rautayo adiresi ina, 192.168.1.2, n'kuzimitsa DHCP yake (yomwe imagawa ma IP aja), kenako waya uja n'kuuchotsa pabowo lolembedwa WAN la rauta yakaleyo kuulowetsa pabowo lolembedwa LAN. Madzulo omwewo makompyuta onse anayi ankayenda bwinobwino, mwana wamkulu ali chigonere pabedi kuwerenga mafunso akale a MSCE.