Momwe mungaphikire pizza ya ku Detroit, New York kapena Naples pakhomo, ndi zimene eni ake amakanganira

Mu Januwale 2014, Bill de Blasio, atangolumbiritsidwa kumene kukhala meya wa New York, adalowa m'malo ena odyera ku Staten Island, dera lina la mzindawo, n'kuyamba kudya pizza ndi foloko ndi mpeni. Zithunzi zitatuluka, manyuzipepala ndi mawayilesi adamunyogodola masiku angapo. Podziteteza iye adati ku Italy, kwawo kwa makolo ake, anthu amadya chomwecho. Sankanama ayi, koma ndani adamumvera? Ku New York pizza amaigwira ndi dzanja, kuipinda pakati, n'kuluma uku akuyenda.

Amene mudamvapo munthu wa ku Nkhata Bay akutamanda kondowole, kapena wa ku Karonga akuchemerera mpunga wa Kilombero, nkhaniyi mwaimvetsa kale. Chimene munthu adakula akudya, kwa iye ndicho chenicheni, zinazo nzongoyerekeza. Kuno ambiri tidaidziwira pizza m'bokosi la Debonairs, kampani imene idayambira ku Pietermaritzburg ku South Africa mu 1991, ndiye timangoti pizza ndi pizza basi. Koma ili ndi mitundu yake, ndipo mtundu uliwonse udabadwa kuchokera ku moto ndi chiwaya chimene anthu a mumzindawo anali nacho. Choncho musanagule kalikonse, yambani mwayang'ana kukhitchini kwanu.

Choyamba: dziwani moto umene muli nawo

Pizza ya ku Naples, mzinda wa ku Italy komwe zonsezi zidayambira, imapsa m'uvuni ya nkhuni yotentha kupitirira madigiri 400, ndipo imakhalamo masekondi 60 mpaka 90 okha. Anthu a kumeneko sachita nayo masewera. Mu 1984 adakhazikitsa bungwe la Associazione Verace Pizza Napoletana loti lizilondera kaphikidwe kake: mtanda uzitambasulidwa ndi manja osati ndi chopinira, pizza isapitirire masentimita 35 m'lifupi, m'mphepete mukhale motukuka. Mu 2017 bungwe la UNESCO lidaika luso la ophika pizza a ku Naples pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa.

Uvuni ya m'nyumba zathuzi ikayesetsa kwambiri imafika pa madigiri 250. Mukaikamo mtanda wopyapyala wa ku Naples, udzatenga mphindi khumi, ndipo udzauma ngati bisiketi usanapse bwino. Anthu ambiri amagwa mphwayi apa n'kumati pizza ndi yovuta. Sikuti ndi yovuta, asankha mtundu wosagwirizana ndi moto wawo. Ine ndinganene mosapita m'mbali kuti wa uvuni wamba kapena wa mbaula ayambe ndi ya ku Detroit. Ya ku New York ibwere akazolowera. Ya ku Naples ili ndi njira yachidule imene tiione kumapeto.

Chachiwiri: kandani ufa dzulo lake

Kakandidwe ka mtanda n'kamodzimodzi pa mitundu yonse itatu. Tengani ufa wa tirigu magalamu 500, makamaka wophikira buledi, madzi mamililita 340, mchere magalamu 10 omwe ndi masupuni ang'ono awiri osasefukira, yisiti wouma supuni yaying'ono imodzi, ndi mafuta ophikira supuni yaikulu imodzi. A ku Naples saikamo mafuta kapena shuga, koma m'uvuni ya moto wochepa mafutawo amathandiza kuti mtanda usaume.

Sakanizani zonse mpaka pasaoneke ufa wouma, siyani mphindi 20, kenako kandani mphindi zisanu mpaka khumi. Mtandawu umamata m'manja, ndipo mtima udzakuuzani kuti muwonjezere ufa. Musaumvere. Nyowetsani manja m'malo mwake. Vundikirani bwino, ikani m'furiji usiku wonse, ngakhale masiku awiri. Kukoma kwa pizza kumachokera pa kudikiraku, chifukwa yisiti akamagwira ntchito pang'onopang'ono mtanda umakhala ndi kafungo kabwino ndipo umatambasuka osang'ambika. Utulutseni maola awiri musanaphike. Ngati mulibe furiji, kapena magetsi akuvuta, chepetsani yisiti kufika theka ndipo usiyeni pamalo ozizira maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Nyengo yotentha ya Okutobala muziusuzumira msanga chifukwa umatupa mothamanga.

Msuzi wake suvuta. Matimati akupsa kwambiri asanu kapena asanu ndi limodzi, muwamize m'madzi otentha, sendani, phwanyani, thirani mchere ndi adyo pang'ono. A ku Naples amagwiritsa ntchito matimati a San Marzano osaphika. Athuwa nthawi zambiri amakhala ndi madzi ochuluka, ndiye awiritseni mphindi 15 kuti msuzi ulimbe, apo ayi pizza idzanyowa pakati.

Chachitatu: ya ku Detroit, ya nkhoko m'mphepete

Mu 1946 Gus Guerra, mwini bala yotchedwa Buddy's Rendezvous ku Detroit, mzinda wa ku America, adayamba kuphika pizza ya makona anayi m'ziwaya zachitsulo zakuya. Nkhani imene anthu a mumzindawo amakonda kufotokoza ndi yoti ziwayazo zinali za m'mafakitale a galimoto, zoikamo tizitsulo ting'onoting'ono. Detroit ndi mzinda wa Ford, General Motors ndi Chrysler, ndiye munthu wa kumeneko akamadya pizzayi amamva kuti akudya mbiri ya makolo ake amene ankagwira ntchito m'mafakitalemo.

Pezani chiwaya chachitsulo cha masentimita pafupifupi 25 ndi 35, chakuya ndithu, chonga chowotchera nkhuku. Thirani mafuta masupuni akulu awiri n'kupaka paliponse mpaka m'mbali. Ikani mtanda wa magalamu 500, muukankhe ndi nsonga za zala kulowera kumakona. Ukamabwerera m'mbuyo musalimbane nawo, usiyeni mphindi 15 kenako mupitirize. Ukafika kumakona vundikirani, utupe kwa ola limodzi.

Apa pali chinsinsi chonse. Dulani tchizi magalamu 300 m'tizidutswa ngati nsawawa zikuluzikulu, ndipo muwaze mpaka akhudze chitsulo cha m'mbali, osasiya mpata. Ku Detroit amagwiritsa ntchito tchizi wa ku Wisconsin wotchedwa brick; kuno sakanizani mozzarella ndi cheddar, zimayandikira. Tchizi wokhudza chitsuloyo amasungunuka, kutsetserekera pansi, n'kupserera kukhala nkhoko yakuda yokhuthara. Amene mudalimbiranapo nkhoko za mpunga ndi abale anu muli ana mukudziwa chifukwa chimene ku Detroit chidutswa cha pakona chimathera msanga. Soseji yodula mopyapyala iikeni pansi pa tchizi monga amachitira akale. Msuzi umabwera pamwamba penipeni, m'mizere iwiri kapena itatu, osati kupaka ponseponse.

Tenthetsani uvuni pa madigiri 240 kapena 250 kwa theka la ola, ikani chiwaya pashelefu yapansi, phikani mphindi 12 mpaka 15. Ikapsa yendetsani mpeni m'mbali nthawi yomweyo n'kuitulutsa m'chiwaya, chifukwa ikazizirira momwemo pansi pamafewa ndi nthunzi.

Wa mbaula asadandaule. Chitani monga amayi amaphikira chigumu: makala ochepa pansi, chivundikiro chachitsulo pamwamba, makala ambiri pachivundikiropo. Moto wapansi ukachuluka mtanda umapserera tchizi asanasungunuke, ndiye ndi bwino kuchepetsa pansi n'kumatembenuza chiwaya mphindi zisanu zilizonse. Zimatenga mphindi 20 kapena kupitirirapo. Mwa mitundu yonse, iyi ndi imene imalolera mbaula popanda kukunyozetsani pamaso pa alendo.

Ya ku Chicago tingoidutsa

Mudzaimva ikutchulidwa kwambiri. Ndi yakuya ngati keke, idayambira ku Pizzeria Uno mu 1943, tchizi amakhala pansi, nyama pakati, msuzi wambiri pamwamba, ndipo imatha theka la ola kapena kupitirira ili m'uvuni. A ku New York amakana kwamtuwagalu kuti imeneyi ndi pizza. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri obadwira ku Chicago masiku wamba amadya ina, yopyapyala, yodula m'timakona anayi ting'onoting'ono, imene idakulira m'mabala. Yakuyayo amakadya alendo akabwera. Imadya tchizi wambiri zedi, ndipo pa mtengo wa tchizi kuno sindikuona chifukwa choyambira pamenepo.

Chachinayi: ya ku New York, yopinda

Mtanda wotsala uja, magalamu pafupifupi 350, ukwanira pizza imodzi ya masentimita 30 kapena kupitirira pang'ono. Mtundu uwu adabwera nawo anthu ochokera ku Naples, ndipo Lombardi's, imene imawerengera chiyambi chake mu 1905, imatchuka kuti ndi malo oyamba ogulitsa pizza ku America. Atafika kumeneko adapeza ufa wina, uvuni za malasha ndipo kenako za gasi, komanso anthu othamangira kuntchito ofuna kugula chidutswa chimodzi. Pizza idakula, idalimba pansi, koma idakhalabe yofewa moti n'kupindika.

Vuto lalikulu pakhomo ndi kupsa kwa pansi. Tengani thireyi yachitsulo yolemera, muigadabuze, muiike m'uvuni ndipo itenthe pa moto wonse mphindi 40. Uku ikutentha, wazani ufa patebulo, kanikizani mtanda kuyambira pakati kupita kunja, kusiya m'mphepete mwa chala chimodzi mosakhudza. Kenako unyamuleni pa nkhonya ziwiri, muziutembenuza, kulemera kwake komwe kuutambasule. Botolo kapena chopinira chimafinya mpweya wonse umene mwaudikira usiku wathunthu, ndiye chisayandikire.

Ikani mtandawo papepala lophikira, pakani msuzi masupuni akulu anayi okha, wazani mozzarella wopala magalamu 150. Dzanja likhale lopepuka. Ife timakonda kuunjika nkhuku, nyama yogaya, tsabola ndi anyezi kuti ioneke ya ndalama zake, koma mtanda wopyapyala sungasenze katundu ameneyo. Tsetseretsani pepalalo pathireyi yotentha, phikani mphindi 7 mpaka 10. Dulani zidutswa zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi. Mukapinda chidutswa nsonga yake n'kuima osagwera pansi, mwakhoza.

Musaganize kuti dera lonselo limagwadira New York. Ku New Haven, mzinda waung'ono wa ku Connecticut, amaitcha apizza, amaiphika pa malasha mpaka kuda m'mphepete, ndipo mukapanda kunena kuti mukufuna mozzarella amakupatsani ya matimati ndi katchizi kowaza basi. Mumsewu umodzi wa Wooster Street muli Frank Pepe, ya mu 1925, ndi Sally's Apizza, ya mu 1938, imene adatsegula mphwake wa Pepe yemweyo. Mabanja a kumeneko amagawikana pa malo awiriwa monga a ku Blantyre amagawikirana pa Maule ndi Manoma: mwana amangopezeka ali mbali imene bambo ake ali.

Chachisanu: ya ku Naples, mwachinyengo pang'ono

Pa mtanda wina wokandidwa mofananamo dulani magalamu 250, tambasulani ndi manja kusiya m'mphepete motukuka. Tenthetsani chiwaya cholemera chokazingira, chouma chopanda mafuta, mpaka chiyambe kufuka. Goneketsani mtandawo, pakani msuzi mwachangu, ikani tizidutswa ta mozzarella motalikirana. Pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu suzumirani pansi. Mukaona mawanga akuda, sunthirani chiwaya pansi pa moto wapamwamba wa uvuni, pafupi kwambiri, kwa mphindi zina ziwiri. Malizani ndi masamba a basil ndi kamafuta ka olive. Imeneyi ndi Margherita, ya mitundu itatu ya mbendera ya Italy, imene nthano yake imati adaphikira Mfumukazi Margherita mu 1889, ngakhale akatswiri a mbiri ena amaikayikira nthanoyo. Tchizi akasowa musaleke: ikani matimati, adyo, timasamba tonunkhira ta oregano ndi mafuta basi. Imeneyo ndi marinara, ndipo ku Naples ndi pizza yolemekezeka mofanana ndi inzakeyo.

Pakati pake pamakhala pofewa, ndiye foloko ndi mpeni n'zololedwa, monga ankanenera a de Blasio aja. Mumsewu amaipinda kanayi ngati chikwama cha ndalama n'kudyera papepala.

Nanga nanazi? Funso limeneli silisowa pagome. Pizza ya nanazi imatchedwa Hawaiian koma sidachokere ku Hawaii. Adayamba kuiphika Sam Panopoulos, munthu wobadwira ku Greece, m'tauni ya Chatham ku Canada mu 1962. Mu 2017 pulezidenti wa Iceland, Guðni Jóhannesson, adanena mwanthabwala kuti akadakhala ndi mphamvu akadailetsa, ndipo nkhaniyo idazungulira dziko lonse mpaka iye adachita kufotokoza kuti mphamvu zoterozo alibe. Ngati mwagula nanazi zotsekemera za ku Mulanje ndipo mtima wafuna, ziduleni timagawo ting'onoting'ono, muzikazinge pang'ono pachiwaya chouma kuti madzi aphwe, ndipo muziike pa ya ku Detroit, imene mtanda wake ungazisenze. Pa yopyapyala zimanyowetsa pakati.